Makhadi Awiri a M'chipinda cha Mbewa

Kuntchito kwathu kuli bambo wina amene timawatcha a Mphaka, ndipo ntchito yawo ndi yosamalira mbewa. Alendo akamva zimenezi amaseka, ife tinasiya kale. Dzinali analipeza chifukwa cha kayendedwe: amavala jombo zamphira zolemera, koma sumva mgugu. Umangodzidzimuka ali kumbuyo kwako, akuyang'ana chimene ukuchita, pakamwa ali duu. Ine poyamba zinkandinyansa. Munthu wamtundu wanji wosatsokomola n'komwe polowa m'chipinda?

Timagwira ntchito mu labu yofufuza za malungo. Yanga ndi ya maikulosikopu: ndimatenga kadontho ka magazi kunsonga ya mchira wa mbewa, ndimakapaka pa kagalasi, n'kuwerenga tizilombo. A Mphaka ndinawapeza atagwira kale zaka zoposa makumi awiri. Anayamba ngati wotsuka mabotolo, sukulu sanapite nayo patali, koma panalibe amene ankadziwa chipinda cha mbewa kuwaposa. Chipindacho chili pansi, kumapeto kwa kakhonde kopanda zenera. Muli mashelefu achitsulo atatu, makola apulasitiki ofoleredwa bwinobwino, fungo la utuchi, ndi kaphokoso ka makina oziziritsa mpweya kosalekeza. Chitseko chake chili ndi kagalasi kakang'ono kokwana nkhope ya munthu mmodzi.

Ankafika m'mawa aliyense asanabwere. Asanayatse magetsi ankaima pakhomo n'kumvetsera kaye, ati mbewa zodwala zimamveka. Kenako ankayenda khola ndi khola, akulemba m'kakope kakuda kamene kankakhala m'thumba la ovolo yawo. Ndinafunsapo kuti amalembamo chiyani.

"Miseche ya mbewa, mwana wanga," anatero.

Ankanditcha choncho kuyambira tsiku loyamba. Ine ndinkawatcha bambo, ngakhale kuti mumtima ndinkadziwa kuti pa mapepala ndine wamkulu. Ndili ndi dipuloma, ndipo nthawi imeneyo ndinkaikumbukira pafupipafupi.

Anali ndi lamulo limodzi limene aliyense wolowa m'chipindamo ankalimva mpaka kutopa nalo. Khola lililonse lili ndi khadi la nambala kutsogolo kwake. Posamutsa mbewa kupita m'khola loyera, uchotse khadi limodzi, usamutse mbewa zake, ubwezere khadilo, ndiye ugwire khola lina. "Mphuno imodzi silowa zala ziwiri," ankatero, chala chili m'mwamba. Ophunzira obwera kudzaonera ntchito ankawasanzira kuseri.

Chaka chatha mkulu wathu, a Dokotala, anayambitsa kafukufuku amene anali atamuyembekezera zaka zitatu. A Dokotala ndi mayi wothamanga, woiwala tiyi mpaka kuzizira. Anatiitana tonse n'kufotokoza pa bolodi. Tizilombo ta malungo tikalowa m'thupi timayamba tabisala m'chiwindi, pambuyo pake ndiye timasefukira m'magazi n'kudwalitsa. M'thupi muli maselo oteteza otchedwa maselo a T, ndipo funso linali lakuti: kodi ndi iwowo amene amasaka tizilomboti m'chiwindi tisanatuluke? Mbewa zonse zinalandira katemera. Kenako theka lake zinabayidwa mankhwala ochotsa maselo a T, theka linalo zinasiyidwa nawo. Pomaliza zonse zinapatsidwa tizilombo.

"Ndiye kuti izi zili ndi alonda, izi alonda achotsedwa ntchito," anatero a Mphaka.

"Basi, mwamaliza phunziro lonse," anatero a Dokotala akuseka.

Panali chinthu china. Palibe amene ankaloledwa kudziwa kuti khola liti lili m'gulu liti, kuopa kuti maso angaone zimene mtima ukufuna. Pa makhadi panali manambala okha. Mndandanda weniweni unali mu envulopu yomata, mu dirowa ya a Dokotala. Choncho khadi linali chilichonse. Kusintha khadi kunali kusintha zotsatira, ndipo wochita zimenezo mwadala ntchito ikanamuthera pomwepo.

Mbewa zinabayidwa tizilombo Lolemba. Lachitatu linali tsiku losintha makola, koma a Mphaka anali ndi tsiku la kuchipatala chifukwa cha mawondo awo. Ananyinyirika, ati adikire abwere masana, koma ine ndinawauza kuti apite ndi mtendere, si ntchito yofuna digiri. Ndinaigwira ndekha, ndipo ndinaigwira mwachangu. Pakati pa ntchito foni inalira: aphunzitsi a mwana wanga wamkazi, ati watentha thupi. Ndinayankha foni ili pakati pa khutu ndi phewa, manja akupitiriza. Ntchito imene a Mphaka amathera maola atatu ine ndinaimaliza m'maola awiri, n'kuthamangira kusukulu ndikudzitama mumtima.

Lachinayi ndinalawirira kuti ndiweruke msanga, mwana anali asanapeze bwino. Nditafika pa chitseko cha chipinda cha mbewa ndinasuzumira pa kagalasi kaja. A Mphaka anali ataima pa shelefu yapakati, kakope kali m'manja. Anayang'ana khola lina, n'kuyang'ana linzake. Kenako anatembenuka kuyang'ana kuchitseko. Ndinabwerera m'mbuyo mwamsanga. Nditasuzumiranso ndinaona ndi maso angawa akusolola khadi la nambala 4 ndi la nambala 9, onse awiri pamodzi, munthu wa mphuno imodzi uja, n'kuwasinthanitsa.

Ndinawerenga mpaka makumi awiri ndisanalowe.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka, mwana wanga. Wodwala uja ali bwanji?"

"Akupezako. Kuno zonse zili bwino?"

"Zonse zili m'malo mwake," anatero, akubweza kakope m'thumba.

Yankho limenelo silinandichoke m'mutu tsiku lonse. Ndinatenga magazi monga mwa masiku onse, koma maganizo anali kwina. Ndipo mukudziwa mmene kukayikira kumakhalira: kukangolowa, chilichonse chimasanduka umboni. Kulawirira kwawo kuja ndinayamba kukuona mwina. Kuyenda kosamveka kuja nakonso. Kakope kosaonetsa munthu kaja ndiye kunali kumaliza.

Chifukwa chake ndinachipeza mosavuta, poti nkhani yawo tonse tinkaidziwa. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo a Mphaka anataya mdzukulu wawo wa zaka zinayi. Malungo anamugwira Lachisanu, pofika Lamlungu n'kuti atapita. Chithunzi chake chinali chomatidwa mkati mwa chitseko cha loka yawo yosungiramo zovala, kamtsikana kovala nsapato zazikulu za munthu wina. Kuyambira pamenepo ankafunsa a Dokotala mwezi uliwonse kuti, "Kodi tayandikira?" Ndinadziuza kuti munthu wofunitsitsa chotero angathe kuthandiza zotsatira kuti zituluke zokoma. Mbewa amazidziwa, mwina anaona kuti izi zikuoneka zofooka ndipo zikuyenera kukhala mbali ina. Sindinaganize kuti ndi munthu woipa. Ndinaganiza kuti chisoni chawapotoza, ndipo ndinawamvera chifundo chonyada, chija chimakoma kwa mwini wake.

Ndinayamba kuwalonda. Ndinkafika msanga dala. Ndinalemba kadontho ka pensulo kuseri kwa makhadi onse kuti ndidziwe ngati asunthanso. Tsiku lina atapita kukataya utuchi ndinapisa m'thumba la ovolo yawo yopachika n'kutsegula kakope. Munali zolemba zopindikapindika: "Wometa wayambanso." "Wamchira wopindika sakumwa bwino." "Anayi agona mulu umodzi, mmodzi payekha." Sindinatolepo kanthu, koma zimenezo sizinandiletse kuganiza kuti ndi chinsinsi. Ndikubweza kakopeko ndinamva mpweya kumbuyo kwanga.

"Mukufuna cholembera?" anafunsa a Mphaka.

"Eya, changa chatha."

Anandipatsa chawo.

Lachisanu tizilombo tinayamba kuoneka m'magazi. Pofika pakati pa sabata yotsatira chithunzi chinali poyera: makola ena magazi odzaza tizilombo, mbewa zitafutukuka ubweya, zitadzikunga pakona; makola ena magazi oyera mbee, mbewa zikukwera pa waya ngati palibe chachitika. Khola 4 linali loyera. Khola 9 linali lodwala kwambiri. Tsiku lotsegula envulopu a Dokotala anawerenga manambala mmodzimmodzi. Makola onse oyera anali a mbewa zokhala ndi maselo a T. Onse odwala anali a zochotsedwa maselo. Palibe ngakhale limodzi losemphana. Anthu anaomba m'manja. A Mphaka anavula chipewa n'kukhala pansi pa kampando, akupukuta m'maso.

Ine sindinaombe. Nambala 4 ndi nambala 9 zinali m'magulu osiyana. Pakanapanda kusinthanitsa kuja, makola awiri akanatsutsa nkhani yonse. Chikomekome cha mkuyu, ndinatero mumtima, mkati muli nyerere.

Ndinagona nayo nkhaniyi masiku awiri. Mwamuna wanga anati ndifunse kaye mwini wake. Ndinamuyankha kuti wakuba safunsidwa ngati waba. Lolemba ndinagogoda pa ofesi ya a Dokotala.

Anandimvetsera osandidula. Nditamaliza anakankhira kutali kapu ya tiyi.

"Mukutsimikiza? Munaona bwinobwino?"

"Ndi maso angawa, a Dokotala."

"Mukudziwa kuti ndikapita nazo ku komiti yoona za mwambo, bambo amenewa ntchito yatha? Atsala ndi zaka ziwiri kuti apume."

"Ndikudziwa. Koma tikabisa, ndiye kuti tonse ndife abodza."

Mawu amenewo ndinawakonza ndili m'basi, ndipo anatuluka bwino monga ndinkafunira.

Tsiku lomwelo a Mphaka anauzidwa kuti apereke makiyi ndi kudikira kunyumba. Anawachotsa pa lamba pang'onopang'ono n'kuwaika pa tebulo. Sanafunse kuti wanena ndani. Podutsa pafupi nane anangoti, "Botolo la khola 6 limadontha, muziliyang'ana."

A Dokotala sanadikire komiti. Anatenga magazi a mbewa za m'makola awiriwo n'kukwera nawo pamwamba, kumene kuli makina owerenga maselo. Mbewa yochotsedwa maselo a T singabise, makina amaonetsa. Zotsatira zinabwera tsiku lokumana komiti, m'chipinda cha misonkhano chokhala ndi tebulo lalitali ndi wotchi yoima. A Mphaka anabwera atavala jekete, atakhala kumapeto, chipewa pa bondo.

Wapampando anawerenga pepalalo kawiri. Mbewa za m'khola 9 zinalibe maselo a T, monga envulopu inanenera. Za m'khola 4 zinali nawo, monganso envulopu inanenera. Makhadi anali pa makola ake enieni.

"Ndiye kuti simunasokoneze," anatero wapampando. "Munakonza. Munadziwa bwanji kuti makhadi asemphana?"

"M'khola 9 muli mbewa ina imene imadula ndevu za anzake," anayankha a Mphaka. "Ndimaitcha Wometa. Anzake onse m'menemo alibe ndevu. Lachinayi ndinapeza zopanda ndevu zili pansi pa nambala 4."

Wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa.

"Chabwino. Nanga anasemphanitsa poyamba ndani? Ndipo bwanji simunanene? Lamulo mukulidziwa: khadi likasokonekera, mumalemba lipoti."

A Mphaka anatembenuza chipewa pa bondo.

"Ndinasokoneza ndine, bwana. Maso akukalamba. Ndinachita manyazi kunena."

Pamenepo zonse zinandibwerera. Ndinaona tebulo lachitsulo la m'chipinda cha mbewa, Lachitatu lija. Ndinaona foni ili paphewa, aphunzitsi akulankhula, ndi makhadi awiri atagona pa tebulopo pamodzi, chifukwa ndinatsitsa makola awiri nthawi imodzi kuti ndifulumire. Ndinakumbukira ndikuwatola osayang'ana. Lachitatu a Mphaka anali pa mzere kuchipatala. Sanakhudze khola ngakhale limodzi. Buku la pakhomo, limene aliyense wolowa amasainamo, likanatha kunena zimenezo, koma palibe amene anaganiza zolitsegula, poti munthu anali atavomera yekha.

Ndikanatha kuimirira pomwepo. Sindinaimirire. Ndinangoyang'ana wotchi yoima ija, pamene komiti inkagamula kuti zotsatira za kafukufuku zili bwino, koma munthu wosokoneza makhadi n'kubisa sangasungenso chipinda cha mbewa. Anati apume msanga kumapeto kwa mwezi. A Mphaka anathokoza komiti, anavala chipewa, n'kutuluka mosamveka monga mwa masiku onse.

Loweruka ndinapita kwawo. Ndinali ndisanafikeko, ndinachita kufunsira kwa wogulitsa makala pa mphambano. Ndi nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa malo okonzera njinga. Pabalaza pali mipando itatu yosafanana, wailesi yokutidwa ndi kansalu, ndi chithunzi chomwe chija cha mdzukulu, chachikulupo, mu felemu. Pa zenera lililonse pali sefa yotchinga udzudzu, yosokedwa mosamala paliponse pamene inang'ambika. Akazi awo ananditsegulira, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndinu a maikulosikopu?"

"Ndine, mayi."

"Ehe. Maso akuthwa aja." Anandilozera mpando, koma madzi sanandipatse.

A Mphaka anatuluka kuchipinda akutsimphina, ali ndi singano ndi neti m'manja. Ndinalibe mawu okonza m'basi ulendo uno.

"Bambo, makhadi aja ndinasokoneza ndine."

"Ndikudziwa."

"Munadziwa kuyambira tsiku lomwe lija?"

"Nanga Lachitatu munalowa ndani?"

"Ndiye bwanji simunandiuze?"

Anakhala pansi n'kuyala netiyo pa maondo.

"Ndinkafuna ndikuuzeni mwana akachira. Munali ndi nkhope ya munthu amene sanagone. Ine nkhope imeneyo ndimaidziwa. Kenako ndinaona mwayamba kulemba timadontho kuseri kwa makhadi, ndiye ndinati, ayi, ndikanena tsopano aziti ndikudziteteza."

"Nanga ku komiti? Munanamiranji?"

"Inu muli ndi ana awiri, ndipo ntchito mwangoiyamba. Kalata yoipa ikalowa mu fayilo yanu idzakutsatani moyo wonse. Ine ndatsala pang'ono."

"Watsala pang'ono!" anatero akazi awo ali pakhomo la kukhitchini. "Zaka makumi awiri ndi zinayi kudzuka nkhuku zisanatsike, lero atuluke ndi dzina la wosokoneza? Auzeni zoona, bambo ake. Auzeni kuti chichokereni kumeneko simukudya."

"Mayi ake, basi."

"Si basi. Anthu ophunzira amaona tizilombo tosaoneka ndi maso, koma munthu ali patsogolo pawo samuona."

Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire, ndipo ndinalira pamaso pa anthu amene ndinawalakwira, zimene zinangowonjezera manyaziwo. A Mphaka anapitiriza kusoka neti mpaka nditatonthola.

Lolemba ndinagogodanso pa ofesi ya a Dokotala, nditanyamula buku la pakhomo lotsegula pa tsamba la Lachitatu. Komiti inakumananso. Ine ndinalandira kalata yochenjeza, ili mu fayilo yanga mpaka lero, ndipo ndiyoyenera. A Mphaka anadzudzulidwa chifukwa chosalemba lipoti ndi chifukwa chonamiza komiti, koma makiyi anabwezeredwa. A Dokotala anawonjezera lamulo latsopano pa khoma, lakuti posintha makola pazikhala anthu awiri. Anapemphanso kuti zolemba za m'kakope kakuda zizikoperedwa m'buku la chipinda, Wometa ndi anzake onse. Kafukufuku anapitirira, tsopano tikufufuza kuti maselo a T amenewa amakhala nthawi yaitali bwanji m'chiwindi. A Mphaka amafunsabe mwezi uliwonse ngati tayandikira, ndipo a Dokotala amayankhabe kuti izi ndi mbewa, kwa anthu ulendo ukadalipo.

Tsiku limene a Mphaka anabwerera kuntchito ndinalawirira. Ndinawapeza ataima pakhomo la chipinda cha mbewa, magetsi asanayatse, akumvetsera. Ndinadikira mpaka atamaliza. Linali Lachitatu, tsiku losintha makola, ndipo munthu wachiwiri pa ntchitoyo ndinali ine.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka bwino, madamu. Kaya inu?"

Ndinaganiza kuti mwina lilime laterereka. Tinayamba ntchito: iwo kuchotsa khadi, ine kuwerenga nambala mokweza, iwo kusamutsa mbewa, ine kubwezera. Anali aulemu pa chilichonse. Anandithokoza powapatsira utuchi. Anandionetsa mmene amagwirira mbewa yolusa kuti isalume. Akamayenda kumbuyo kwanga tsopano amatsokomola kaye kuti ndidziwe kuti alipo.

Papita miyezi khumi ndi umodzi. Atsala ndi chaka chimodzi kuti apume. Sanandinenepo mawu oipa, ndipo mwana wanga atadwalanso anali oyamba kufunsa. Koma m'mawa uliwonse ndimapereka moni pa chitseko chija n'kudikira yankho, ndipo m'mawa uliwonse amati madamu.